Zilembo ngati nyerere: mmene mungakonzere monita ya 4K ndi yotambalala kuti muziwerenga bwino

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa nkhani imodzimodzi. Oyamba anali alamu anga, amene mwana wawo anawatumizira monita ya 4K kuchokera ku Joni. Anaitulutsa m'katoni akumwetulira, kuilumikiza, n'kupeza zilembo zili ngati nyerere zondondozana. Achiwiri ndi mayi ena owerengera ndalama pa ofesi ina imene ndimapitako kukakonza makompyuta. Iwo anagula yotambalala ya mainchi 34, yopindika ngati uta ija, koma manambala a mu Excel ankatuluka a manomano ngati macheka. Wachitatu ndi mnyamata wa ku yunivesite amene sanagule kanthu, akungofuna kudziwa kuti pa ziwirizi yabwino ndi iti. Onse atatu ndinawajambulira zinthu zofanana pa pepala, ndipo pepala lomaliza linali kuseri kwa lisiti ya mafuta. Basi, ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Yankho lalifupi ndi ili. Monita yotambalala imakupatsani malo. Ya 4K imakupatsani zilembo zosalala. Pa ziwirizi palibe imene imakulitsa zilembo payokha, ndipo kukula kwa galasi sikukuuzani mmene mawu aziwerengekera. Zimenezo mumakonza nokha. Ndikamba kwambiri za Windows 10 ndi 11 poti ndi zomwe ambirife tili nazo. A Mac gawo lanu lili chakumapeto.

1. Dziwani manambala awiri a monita yanu

Chilichonse chimene mumaona pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho towala tating'onoting'ono, timene amati mapikiseli. Mukamva kuti 1920 x 1080, ndiye kuti timadonthoti tilipo 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Nambala imeneyi ndiye resolution. Ogulitsa amakonda mayina m'malo mwa manambala: 1920 x 1080 amati Full HD, 2560 x 1440 amati QHD kapena 2K, 3840 x 2160 ndiye 4K kapena UHD. Zotambalala, zimene amati ultrawide, zimabwera kwambiri ndi 2560 x 1080 kapena 3440 x 1440, ndipo kuli chimphona china cha mainchi 49 cha 5120 x 1440.

Nambala yachiwiri ndi mainchi, amene amayeza kuchokera pa kona imodzi kupita pa kona ya mbali inayo, modutsa pakati. Apa ambiri amapusitsika. Yotambalala ya mainchi 34 msinkhu wake ndi wofanana ndi monita wamba ya mainchi 27, pafupifupi masentimita 33 ndi theka. Yangowonjezeka m'mbali, kuchoka pa masentimita 60 kufika pa 80. Ya mainchi 29 msinkhu wake ndi wa monita wamba ya mainchi 23 basi. Ikafika pa desiki mumadabwa kuti yafupika bwanji.

Musamadalire zolembedwa pa katoni, makamaka ngati mwagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Kuseri kwa monita kuli kapepala komata kokhala ndi nambala ya modelo. Ilembeni pa intaneti, muone manambala enieni.

2. Werengerani kuthithikana kwa timadontho

Nambala yofunika kuposa zonse ogulitsa saitchula kawirikawiri. Imatchedwa PPI, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi. Kuipeza kwake: chulukitsani nambala yopingasa ndi iyo yomwe, muchite chimodzimodzi ndi yotsika, muphatikize mayankho awiriwo, mudine kachizindikiro ka √ pa calculator ya pafoni, kenako mugawe ndi mainchi. Pa 4K ya mainchi 27, √ imatulutsa 4406, mukagawa ndi 27 mupeza 163.

Kuti musavutike, nazi zimene ndimakumana nazo kawirikawiri:

Mainchi 24, 1920 x 1080: 92
Mainchi 27, 1920 x 1080: 82
Mainchi 27, 2560 x 1440: 109
Mainchi 27, 4K: 163
Mainchi 32, 4K: pafupifupi 140
Yotambalala ya 29, 2560 x 1080: 96
Yotambalala ya 34, 2560 x 1080: 82
Yotambalala ya 34, 3440 x 1440: 110
Ya 49, 5120 x 1440: 109

Taonani mizere iwiri ya mainchi 34 ija. M'sitolo zimaoneka ngati mapasa, koma ina ili pa 82, ina pa 110. Ya mayi aja inali ya 82. Timadontho take ndi tatikulu moti ukakhala pafupi umatha kutiona, ndipo palibe batani limene lingasinthe zimenezo. Ganizani za womanga chitsime chozungulira: akagwiritsa ntchito mabuloko akuluakulu a simenti khoma limatuluka la makonamakona, akagwiritsa tinjerwa tating'ono limazungulira bwino. Chilembo cha a kapena nambala 8 ndi chitsime chimenecho.

Onaninso kuti yotambalala ya 3440 x 1440 ndi QHD wamba ya mainchi 27 kusalala kwa zilembo n'kumodzi. Ndalama zowonjezerazo mukugula malo a m'mbali. Timadontho ta yotambalalayo tonse pamodzi sitikwana n'komwe 5 miliyoni, pamene 4K ili ndi topitirira 8 miliyoni.

3. Musanakhudze china chilichonse, onani chingwe ndi resolution

Kawirikawiri ndikaitanidwa, vuto limathera pano.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Ngati pasankhidwa Duplicate, ndiye kuti monita yanu ikungokopera zomwe zili pa laputopu, ndipo yakakamizidwa kutenga resolution imene masikirini onse awiri angathe. Laputopu ya 1366 x 768 ikalumikizidwa motere ku yotambalala, chithunzi chimakokedwa, nkhope za anthu n'kufufuma ngati mandasi, kapena m'mbali mumatsala mizere yakuda. Sankhani Extend, kapena Second screen only ngati laputopu mumaitseka.

Kenako pitani ku Settings, System, Display. Dinani pa bokosi loimira monita yanu, mutsike pa Display resolution, muonetsetse kuti yasankhidwa nambala yeniyeni ya monitayo, imene nthawi zambiri pambali pake pamalembedwa Recommended.

Chenjezo lalikulu la nkhani yonseyi lili apa: musatsitse resolution pofuna kukulitsa zilembo. Ndikudziwa kuti kale pa mamonita a chimsana aja tinkatero, ndipo zinkatheka. Pa agalasi lathyathyathya awa timadontho tili pamalo pake, sitisuntha. Mukauza monita ya 2560 x 1440 kuti ionetse 1920 x 1080, kadontho kamodzi ka chithunzi kamayenera kukhala pa kadontho kamodzi ndi kachidutswa, ndipo monita imangopakapaka. Zilembo zimakuladi, koma ngati inki yagwera pa pepala lonyowa. Alamu anga anali atachita zimenezi ndisanafike, n'kumati mwana anawagulira yabodza.

Ngati nambala yoyenerayo sikuoneka n'komwe pa mndandanda, kayikirani chingwe kapena bowo lolumikizira. VGA, chingwe cha mutu wabuluu chija, ichotseni. Pa monita zazikuluzi imabweretsa chimbuuzi ndipo 4K siikwanitsa. HDMI 1.4, imene ili pa malaputopu ambiri akale, imatulutsa 4K koma pa 30Hz yokha, kutanthauza kuti chithunzi chimajambulidwa ka 30 kokha pa sekondi, ndiye kamuvi ka mausi kamayenda ngati kakukoka mwendo ndipo mawu amanjenjemera mukamatsitsa tsamba. Kuti mufike pa 60Hz pamafunika HDMI 2.0 kapena DisplayPort 1.2 kupita m'mwamba. Nambala ya Hz muione pa Advanced display, pa tsamba lomwelo la Display. USB-C nayo samalani nayo: si bowo lililonse limene limatulutsa chithunzi, ndipo timaadaputa tambiri totchipa timathera pa 30Hz.

4. Sankhani Scale yoyenera

Malangizo ambiri akafika apa amangoti kwezani Scale, n'kudutsa. Kukweza mpaka pati? Nanga mukakweza mukutaya chiyani? Tikhalepo pang'ono.

Windows inakonzedwa poyerekeza kuti sikirini ili ndi timadontho 96 pa inchi. Imeneyo ndiye 100%. Chilembo chimene chimatenga timadontho, tinene, 12 chotsika, chimatenga 12 tomweto kaya ndi tatikulu kaya tating'ono. Ndiye pa monita ya 163, chilembocho chimatsala pang'ono kuchepa ndi theka. Nyerere za alamu anga zija zinachokera pamenepa. Scale imauza Windows kuti chilembo chomwecho ichijambule ndi timadontho tambiri: pa 150% timakhala 18, pa 200% timakhala 24. Chilembo chimabwerera pa msinkhu wake, koma tsopano chamangidwa ndi tinjerwa tating'ono, ndipo ubwino wonse wa 4K uli pomwepa. Munthu amene wagula 4K ya mainchi 27 n'kuisiya pa 100% akuvutitsa maso ake ndi ndalama zake zomwe.

Scale ili pa tsamba lomwe lija la Display. Musanaisinthe, chitani masamu awiri.

Oyamba akuuzani kukula kwa zilembo: gawani PPI ndi Scale. Pa 4K ya mainchi 27, 163 kugawa ndi 1.5 ndi 109; kugawa ndi 1.75 ndi 93; kugawa ndi 2 ndi 82. Yankho likamachepa, zilembo zikukula. Kwa ine, monita ya pa desiki yankholi lizikhala pakati pa 90 ndi 110. Wa maso akuthwa amakhala bwino pa 110. Amene wadutsa zaka 40, kapena amawerenga tsiku lonse, ayandikire ku 90.

Achiwiri akuuzani malo amene akutsalirani: gawani resolution ndi Scale. Apa ndi pamene anthu amakhumudwa. 4K pa 150% imakusiyirani malo a 2560 x 1440. Pa 200% imakusiyirani 1920 x 1080, ofanana ndendende ndi monita yanu yakale, kungoti zilembo zasalala ngati za m'buku. Amene amagula 4K poganiza kuti aziona mizere ya Excel yochuluka kuwirikiza kawiri, pa mainchi 27 sizitheka pokhapokha akhale ndi maso a kabawi.

Yotambalala nayo ili ndi msampha wake. Ya 3440 x 1440 pa 100% ili pa 110, ndiye kuti zilembo zake n'zocheperako kusiyana ndi zimene munazolowera pa monita ya mainchi 24. Ambiri amazipirira. Amene sangathe amakweza kufika 125%, zilembo n'kukula bwino kufika pa 88, koma malo amatsika kufika 2752 x 1152. Taonani 1152 ameneyo: wangopitirira pang'ono 1080 ya monita wamba. Mzere umodzi wa Excel umatenga timadontho pafupifupi 20, choncho pakati pa 1440 ndi 1152 mwataya mizere ngati 14. Ndiponso popeza timadontho ta monitayi si tating'ono kwenikweni, 125% siisalalitsa zilembo monga zimakhalira pa 4K.

Poyambira pabwino ndi apa: 4K ya 27 muiyike pa 150%, ikakuvutani 175%, 4K ya 32 pa 125% kapena 150%, yotambalala ya 3440 x 1440 pa 100%, chilichonse cha PPI yosapitirira 96 chisiyeni pa 100%.

Tsopano yesani ndi thupi, poti masamu sadziwa maso anu. Khalani pa mpando msana utatsamira, monita ili patali ngati kutalika kwa mkono wanu, m'mphepete mwake mwa pamwamba muli molingana ndi maso kapena kutsikirako pang'ono. Tsegulani ntchito yanu ya masiku onse, mugwire kwa mphindi khumi osaganiza za monita. Kenako dzifunseni kuti msana uli pati. Ngati wachoka pa mpando, khosi latsogola ngati la kamba, kwezani Scale sitepe imodzi. Mukasintha, ipatseni masiku awiri kapena atatu. Tsiku loyamba chilichonse chatsopano chimaoneka chachilendo.

Pali kabokosi kotchedwa Custom scaling kolola kulemba nambala yanuyanu, monga 115 kapena 135. Ine ndimakapewa. Nambalayo imagwira mamonita onse nthawi imodzi, imafuna kuti mutuluke mu akaunti yanu n'kulowanso, ndipo mapulogalamu ena amasokonekera nayo. Ngati 100% yachepa koma 125% yakula, pali njira yabwino: pa Windows 11 pitani ku Settings, Accessibility, Text size, pa Windows 10 ndi Ease of Access, Display, Make text bigger. Kokerani kufika 110 kapena 115. Zilembo zokha ndi zimene zimakula, mabatani ndi malo n'kutsala momwemo. Kwa eni zotambalala za 110, mankhwala ake ndi amenewa. Pa Chrome, Edge kapena Firefox, Ctrl ndi + zimakulitsa tsamba, Ctrl ndi 0 zimabwezera, ndipo pulogalamuyo imakumbukira pa webusaiti iliyonse payokha.

Mawu amodzi kwa akuluakulu anzanga. Ngati mwafika pa 175% maso akulirabe misozi, mutu ukupweteka madzulo aliwonse, kayezetseni maso. Chakumazaka 40 diso limayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo magalasi owerengera a pamsika aja amathandiza pa buku lili m'manja, pomwe monita ili patali kuposa pamenepo. Muwauze oyeza masowo mtunda umene mumakhala ndi monita yanu.

5. Pulogalamu imodzi ikamaoneka mbuu pamene zina zili bwino

Mukakweza Scale mudzapeza kuti Word ili bwino, Chrome ili bwino, koma pulogalamu ina yakale, kawirikawiri ya zamalipiro, ya sitoko kapena ya pulinta, yachita chimbuuzi. Monita ilibe mlandu. Pulogalamuyo inalembedwa nthawi imene aliyense anali pa 96, ndiye sidziwa kudzijambula pa 150%. Windows imaijambula yaing'ono n'kuikoka ngati chithunzi cha pafoni chokulitsidwa ndi zala.

Itsekeni. Dinani batani la kumanja la mausi pa chizindikiro chake, musankhe Properties, Compatibility, kenako Change high DPI settings. Chongani pa Override high DPI scaling behavior. Pansi pake pali zosankha zitatu. Yambani ndi System Enhanced, imene imayesa kujambulanso zilembo mosalala pa msinkhu woyenera. Pa mapulogalamu ambiri akale imagwira. Ikakanika, yesani Application: chimbuuzi chimatha, koma zilembo zitha kuchepa kwambiri kapena mawu kudukira m'mabokosi. System ndi kukoka kuja kumene mwakuona kale. Palibe yoposa zinzake pa mapulogalamu onse, muyese zonse zitatu, pulogalamuyo muziitseka ndi kuitsegulanso nthawi iliyonse.

N'chifukwa chake munthu amene ntchito yake yonse ili mu pulogalamu yakale yotere ndimamulangiza monita yokhala pa 100%, kaya QHD ya 27 kaya yotambalala ya 3440 x 1440. Kusalala kwa 4K sakakupeza mu pulogalamu imene amakhalamo tsiku lonse.

Vuto lina lofanana nalo limabwera mukamagwiritsa ntchito laputopu ndi monita pamodzi. Laputopu ya mainchi 15.6 ya 1920 x 1080 ili pa 141, choncho imafuna 125% kapena 150%, pamene yotambalala ili pa 100%. Kuyambira pa Windows 8.1 sikirini iliyonse imatha kukhala ndi Scale yakeyake; dinani bokosi lake kaye musanasinthe, poti ambiri amasintha ya laputopu akuganiza kuti akusintha ya monita. Mukamakokera windo kuchoka pa ina kupita pa ina limadumpha msinkhu, zimenezo n'zabwinobwino. Koma mapulogalamu ena amangotsatira Scale ya sikirini yaikulu pa udindo. Choncho imene mumaiyang'ana kwambiri muichongere Make this my main display, mutuluke mu akaunti n'kulowanso. Mukachotsa laputopu kupita nayo ku msonkhano n'kupeza Outlook yachita mbuu, ingoitsekani n'kuitsegulanso.

6. ClearType, Sharpness, ndi nkhani ya TV

Kadontho kalikonse kali ndi timizere titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. ClearType ndi njira imene Windows imagwiritsira ntchito timizereti posalalitsa m'mphepete mwa zilembo. Pa 4K simungaone kusiyana kwenikweni, koma pa 110 kutsika m'munsi imathandiza. Dinani Start, lembani ClearType, mutsegule Adjust ClearType text, musankhe bokosi looneka bwino pa masamba asanu amene ikuonetseni. Muchite mutakhala mmene mumakhalira pogwira ntchito, osati mphuno ili pa galasi. Ngati m'mbali mwa zilembo mukuoneka utoto wofiira kapena wobiriwira, mwina timizere ta monita yanu tinasanjidwa mwanjira ina. Zimachitika pa mamonita ena a mtundu wa OLED ndiponso mukaimiritsa monita chotsika.

Pa mabatani a monita yeniyeniyo pali Sharpness. M'sitolo amakonda kuikweza. Ikakwera, chilembo chilichonse chimakhala ndi kamzere koyera kozungulira. Ibwezereni pamene inabwera kuchokera ku fakitale. Kuwala nako kutsitseni mpaka tsamba loyera la Word lifanane ndi pepala limene lili pa desiki panu. Magetsi akathima muli pa inveta mudzathokoza.

Ambiri amalumikiza kompyuta ku TV. TV ya mainchi 32 ya 1366 x 768 ili pa 49, ndiye iwalani zowerengerapo. Ya 4K ya mainchi 43 ili pa 102 ndipo imatheka, koma TV imakonda kuchepetsa tsatanetsatane wa mitundu, moti mawu ofiira kapena abuluu amaoneka opakika. Pa zosankha za TV-yo, bowo la HDMI limene mwalumikizako mulitchule kuti PC, muyatse chosankha chololeza HDMI yamphamvu, chimene pa LG amati HDMI Ultra HD Deep Colour ndipo pa Samsung zatsopano amati Input Signal Plus.

7. Ngati yanu ndi yotambalala, musatambasule windo limodzi sikirini yonse

Osindikiza mabuku amadziwa kuti mzere wowerengeka bwino umakhala ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75. Ukatalika kwambiri, diso likafika kumapeto limasochera pobwerera, n'kuwerenganso mzere womwewo. Imelo yotambasulidwa pa masentimita 80 imatopetsa ngakhale zilembo zikhale zosalala bwanji, ndipo khosi limagwira ntchito ya woonera mpira.

Monita imeneyi inapangidwira mawindo awiri kapena atatu. Batani la Windows ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja zimakankhira windo ku theka la sikirini. Theka la 3440 ndi 1720, lokwana bwino. Pa Windows 11, Windows ndi Z zimakuonetsani magawidwe ena. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PowerToys ili ndi FancyZones, yokulolani kudula malo mmene mukufunira. Ine ndimaika chimene ndikuwerenga pakati, WhatsApp ndi imelo m'mbali, chifukwa mukagawa pawiri pakati penipeni pa maso anu pamakhala mpata wopanda kanthu.

Pa Zoom kapena Teams musagawane sikirini yonse. Anzanu ali pa laputopu kapena pafoni adzaona kamzere kopyapyala ka tizilembo tosawerengeka. Gawanani windo limodzi, mulichepetse kaye. Ndinaphunzira izi nditalankhula mphindi makumi awiri, wapampando asanandidule kuti achimwene, sitikuona kanthu kuno.

Nambala za kupindika, monga 1800R kapena 1000R, ndi mamilimita. Ikachepa, monita yapindika kwambiri. Pa mainchi 34 kupindika pang'ono kumathandiza kuti mawu a m'mphepete asatalikire diso.

8. Kwa a Mac

Mac imachita zake. Apple imapanga masikirini ake akuluakulu mozungulira 218, monga Studio Display ya mainchi 27 ya 5120 x 2880, ndipo kuyambira pa macOS Mojave ya 2018 inazimitsa njira yosalalitsira zilembo yofanana ndi ClearType. Zotsatira zake, pa yotambalala ya 110 zilembo za Mac zimaoneka zofooka kusiyana ndi za Windows pa monita yomweyo. Msinkhu uli bwino, kusalala ndiye kulibe.

Pa 4K ya 27, pitani ku System Settings, Displays. Mukasankha 1920 x 1080 zilembo zimakhala zakuthwa kwambiri koma zazikulu. Ambiri amasankha 2560 x 1440. Apa Mac imajambula chithunzi cha 5120 x 2880 n'kuchichepetsa kuti chikwane, ndiye chimafewa pang'ono, komabe chimaposa kutali monita ya 110. Wa Mac amene ntchito yake ndi mawu, 4K ndiye poyambira.

9. Musanapereke ndalama, yesani ndi chilembo chathu

Pitani ku sitolo ndi laputopu yanu ndi chingwe chanu. Vidiyo ya mathithi ndi mbalame imene amaonetsa ija monita iliyonse imaikongoletsa. Lumikizani yanu, muone ngati resolution yonse ndi 60Hz zikutuluka. Kenako tsegulani Word, zoom yake ili pa 100%, zilembo za saizi 10, mulembe mawu awa: Malaŵi, ng'ombe, m'mudzimo, ndi manambala 3, 6, 8, 9 motsatizana. Kuti mupeze ŵ, lembani U+0175 kenako mudine Alt ndi X. Bwererani m'mbuyo mukhale ngati muli pa desiki panu. Pa monita ya 82 kadenga ka pa w kamasanduka kachitsotso, timiyendo ta ma m aja timalumikizana, ndipo 6 ndi 8 zimafuna kuti muziyang'anitsitsa. Pa 110 zonse zimawerengeka koma timakona timaoneka. Pa 4K yokhala pa 150% kadengako kamaima ngati kosindikizidwa. Kokerani windolo ku kona ya sikirini, muonenso; mamonita ena otchipa amada kapena kusintha mtundu m'mphepete.

Mnyamata wa ku yunivesite uja ndinamufunsa funso limodzi: tsiku lako limatha ukuwerenga chinthu chimodzi, kapena ukufananitsa zinthu ziwiri? Wolemba, womasulira, wophunzira, loya ndi wolemba mapulogalamu, amene maso awo amakhala pa mawu kuyambira m'mawa, atenge 4K. Ngati desiki ndi thumba zikulola, ya mainchi 32 pa 150% imakupatsani malo a 2560 x 1440 ndi zilembo zazikulu bwino, ndipo ndi imene ndimalangiza aliyense wovala magalasi. Wowerengera ndalama, wodula mavidiyo, ndi amene amakopera manambala kuchoka m'chikalata china kupita m'china, atenge yotambalala, koma ikhale ya 3440 x 1440. Zilipo zophatikiza zonse ziwiri, za mainchi 40 za 5120 x 2160 zokhala pa 140, koma mtengo wake ndi wina ndipo laputopu yakale singazinyamule. Ndalama zikachepa, QHD wamba ya mainchi 27 ilibe manyazi.

Mnyamata uja anati amawerenga ma PDF tsiku lonse, koma laputopu yake titaiona tinapeza ili ndi HDMI 1.4 yokha, ilibe DisplayPort, ndipo USB-C yake ndi yongotumizira mafayilo. Anagula QHD ya 27. Alamu anga ali pa 175% ndipo anamuimbira mwana wawo kumupepesa. Mayi aja monita yawo ya 82 inakana kubwezedwa, ndiye tinaikankhira kumbuyo kwa desiki masentimita ena 20 kuti timadontho tisamaoneke, tinakonza ClearType, n'kukweza Excel kufika 110%.